Chizungulire Poimirira kwa Odwala Parkinson: Kupeza Gwero Lake ndi Zochita Pakhomo

Munthu wodwala matenda a Parkinson akagwa, achibale amathamangira kuloza chala miyendo yake, poti aliyense amaona kale mmene manja amanjenjemerera, mmene thupi laumira ndiponso mmene amakokera mapazi poyenda. Komatu pali kugwa kwina kumene gwero lake silili m'miyendo. Wodwala amadzuka pa mkeka kapena pa mpando n'kuyenda pang'ono, kenaka m'maso mumachita mdima, m'makutu mumalira, mawondo amalefuka, ndipo akagona pansi kwa mphindi zochepa zonse zimatha ngati sipanachitike kanthu. Malume anga, amene anapuma ntchito ku esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, anagwa motere kangapo m'nyengo yotentha, ndipo pakhomo ena ankati ndi khunyu, ena ankati shuga watsika, pamene enanso ankanong'onezana za anthu oipa mtima. Chimene chinkachitika n'chakuti BP yawo inkatsika kwambiri nthawi iliyonse akaimirira.

Vutoli limasokoneza chifukwa chakuti wodwala akafika kuchipatala n'kuyezedwa atakhala pa benchi, BP imapezeka ili bwinobwino, mwinanso yokwera kumene. Motero umboni weniweni umapezeka kunyumba, ndipo amene angausonkhanitse ndi iwo amene amakhala ndi wodwalayo usana ndi usiku.

Chimene chimalakwika m'thupi

Munthu akaimirira, magazi okwana theka la lita kapena kuposerapo amatsikira m'miyendo ndi m'mimba chifukwa cha kulemera kwake. Mwa munthu wathanzi, tizigawo tina timene tili m'mitsempha ikuluikulu ya m'khosi ndi mumtsempha waukulu wotuluka mumtima timazindikira msanga kuti mphamvu ya magazi yachepa, ndipo timatumiza uthenga ku ubongo. Ubongo umayankha kudzera m'mitsempha ya mauthenga imene imagwira ntchito yokha popanda ife kuganizira, ndipo mitsempha imeneyi imatulutsa noradrenaline, amene amafinya mitsempha ya magazi ndi kufulumizitsa mtima. Zonsezi zimachitika m'masekondi ochepa, n'chifukwa chake mayi wothyola tiyi amatha kuwerama ndi kuweramuka tsiku lonse osamva chizungulire.

Matenda amene James Parkinson anawafotokoza ku London m'chaka cha 1817 amadziwika kwambiri ndi kufa kwa maselo a mu ubongo opanga dopamine, chinthu chothandiza ubongo kuyendetsa bwino thupi, koma amawononganso mitsempha ya mauthenga yopita kumtima ndi kumitsempha ya magazi. Lamulo loti mitsempha ifinyike limafika mochedwa kapena lopanda mphamvu, magazi amatsalira kumunsi, ndipo ubongo umaperewedwa. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse amakhala ndi vutoli, ngakhale kuti ena samva chizungulire chodziwika bwino, amangodandaula za kutopa, kuona zinthu mwachimbuuzi, kusokonezeka maganizo akakhala chiimire, kapena ululu wa kumbuyo kwa khosi ndi m'mapewa umene umatha akagona.

Pamwamba pa kufooka kumeneku pamabwera mankhwala. Levodopa, amene ndi mankhwala aakulu a matendawa, amasanduka dopamine, koma sikuti yense amadikira kufika mu ubongo ayi. Wina amasandukira m'magazi momwemo, ndipo dopamine wa kunja kwa ubongoyu amamasula mitsempha ya magazi ya m'mimba ndi ya m'impso, amachititsa impso kutaya mchere wambiri mumkodzo, komanso amachepetsa noradrenaline amene anali wochepa kale. N'chifukwa chake levodopa amaphatikizidwa ndi carbidopa kapena benserazide, amene ntchito yawo ndi kuletsa kusandukako kunja kwa ubongo. Kuphatikizaku kumachepetsa vuto koma sikulithetsa. Mankhwala ena a Parkinson monga bromocriptine, pramipexole, ropinirole ndi selegiline nawonso amatsitsa BP, makamaka m'masabata oyamba kapena pamene mlingo wawonjezedwa kumene.

Yambani ndi kuyeza, wodwala atagona ndiponso ataimirira

Makina oyezera BP a mabatire amagulitsidwa m'mafamase, ndipo kumene kulibe mungathe kubwereka kapena kupempha a zaumoyo a m'dera lanu kuti ayeze motsata ndondomeko iyi. Wodwala agone chagada mwakachetechete kwa mphindi 5, mumuyeze ali chigonere, ndipo mulembe nambala zonse zitatu, ndiye kuti yapamwamba, yapansi ndi ya kugunda kwa mtima. Kenaka aimirire wina ali pambali pake, mumuyeze ikatha mphindi 1 ndiponso zikatha mphindi 3, mkono wake utachirikizidwa molingana ndi chifuwa. Sankhani mkono umene sunjenjemera kwambiri, chifukwa manjenje amasokoneza makinawa ndipo amatulutsa nambala zabodza. Akayamba kuona mdima musalimbikire kuti mumalize, mgonekeni.

Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposerapo, kapena yapansi ikatsika ndi 10 kapena kuposerapo, m'mphindi 3 zimenezi, vuto lapezeka. Apa pali msampha woyenera kuusamala. Tiyerekeze kuti atagona makina aonetsa 150/90 ndipo ataimirira aonetsa 118/76. Nambala yachiwiriyi payokha ndi yosangalatsa, ndipo munthu woiona yokha anganene kuti zonse zili bwino, koma kutsika kwa 32 n'kokwanira kugwetsa munthu wachikulire. Chofunika ndi kusiyana kwa nambala ziwirizo.

Nambala ya kugunda kwa mtima, imene ambiri sailabadira, imathandiza kusiyanitsa magwero awiri. BP ikatsika kwambiri koma mtima osafulumira, kapena kungowonjezera kugunda kosafika 15 pa mphindi, n'chizindikiro chakuti mitsempha ya mauthenga ndiyo yafooka. Koma mtima ukathamanga kwambiri poimirira, ndiye kuti ukuyesetsa kuthandiza, ndipo tiyenera kukayikira kuchepa kwa madzi m'thupi, kuchepa kwa magazi, malungo, kutsegula m'mimba kapena mankhwala ena okodzetsa. Dziwani kuti mankhwala a BP ndi mtima otchedwa atenolol ndi propranolol amaletsa mtima kufulumira, choncho kwa wodwala amene akumwa amenewa chizindikirochi sichidalirika.

Yezani motere kwa masiku 5 kapena sabata imodzi, m'mawa asanamwe piritsi loyamba, pakatha ola limodzi atamwa, ndiponso pakatha ola limodzi atadya nsima ya masana. Lembani m'kope la sukulu, pamodzi ndi nthawi ya mankhwala, nthawi ya chakudya ndi nthawi imene chizungulire chabwera. M'maganizo mwanga kope limeneli limaposa kufotokoza kulikonse kwa pakamwa, chifukwa nthawi imene vuto limabwera ndiyo imaulula gwero lake.

Chikamabwera atangomwa piritsi

Levodopa amafika pachimake m'magazi pakatha mphindi 30 mpaka ola limodzi, makamaka akamwedwa m'mimba muli pululu. Ngati kope likuonetsa kuti BP imagwa nthawi imeneyi ndipo imabwerera pakapita maola awiri, mankhwalawo ali ndi mbali yake pa vutoli. Pakhomo mungachite ziwiri. Wodwala amwe piritsi ndi kapu yodzaza ya madzi pamodzi ndi kachakudya kopepuka monga nthochi, kachidutswa ka mbatata kapena buledi, ndipo ola lotsatiralo likhale lokhala pansi, osati lopita kudimba kapena kukwera kabaza. Musampatse piritsi pamodzi ndi nyemba, nandolo, usipa, mazira kapena nyama, chifukwa zakudya zomanga thupi zimalimbirana njira ndi levodopa m'matumbo ndi polowera mu ubongo, ndipo mankhwala amachepa mphamvu pa manjenje ndi kuuma kwa thupi.

Zotsalazo n'za dokotala, koma ndi bwino kudziwa zoti mukafunse. Mapiritsi amabwera m'milingo yosiyana. Ena ali ndi levodopa 250 mg ndi carbidopa 25 mg, pamene ena ali ndi levodopa 100 mg ndi carbidopa 25 mg. Kuti carbidopa atchinge bwino, thupi limafuna pafupifupi 70 mg mpaka 100 mg pa tsiku. Munthu amene akumwa theka la piritsi lalikulu lija katatu pa tsiku akulandira carbidopa 37.5 mg yokha, ndipo n'zosadabwitsa akamachita nseru ndi chizungulire. Dokotala angasinthe mtundu wa piritsi, angagawe mlingo womwewo m'magawo ang'onoang'ono omwa pafupipafupi, kapena angayambe wachotsa mankhwala owonjezera aja asanakhudze levodopa.

Chimene simuyenera kuchita n'komwe ndi kusiyitsa mankhwalawa mwadzidzidzi. Kutero kungabweretse kutentha thupi kwakukulu, kuuma kwa minofu koopsa, kusokonezeka mutu ndi kuwonongeka kwa impso, ndipo munthu angathe kufa nazo. Kutha kwa mankhwala m'nyumba kuli ndi ngozi yomweyi, choncho werengani mapiritsi otsala sabata ziwiri asanathe. Mukagula ena ku Limbe kapena ku Blantyre, yerekezani nambala za pabokosi latsopano ndi za lakale, chifukwa kumwa piritsi la 250 m'malo mwa la 100 n'kosavuta pamene onse akungotchedwa mankhwala a manjenje. Ngati padutsa masiku angapo osamwa, funsani kuchipatala mmene angayambirenso m'malo mongobwerera pa mlingo wonse tsiku limodzi.

Chikamabwera atadya

Chakudya chikalowa, magazi ambiri amapita kumatumbo, ndipo thupi limene silitha kufinya mitsempha kwina kuti libwezeretse limagwetsa BP m'maola awiri otsatira. Mbale yodzaza ndi nsima yotentha masana a dzuwa ndiyo imachita zimenezi koposa. Sikuti nsima ileke, koma mitanda itatu ya nthawi imodzi igawidwe, adye pang'ono kanayi kapena kasanu pa tsiku, ndiwo zamasamba zichuluke, ndipo thobwa lotsekemera kwambiri ndi zakumwa za shuga zichepe. Kumwa makapu awiri a madzi asanayambe kudya kumathandiza. Kachasu, masese ndi mowa wina uliwonse zimamasula mitsempha ya magazi ndi kukodzetsa, choncho kwa munthu wa vutoli palibe mlingo umene ndingautche wabwino. Akatha kudya atsamire khoma ali chikhalire kwa ola limodzi.

Chikamabwera m'mawa, ndi nkhani ya BP yokwera usiku

Apa ndi pamene pamafunika kudekha kwambiri, chifukwa zinthu zimaoneka ngati zotsutsana. Mitsempha yomweyo imene imalephera kukweza BP munthu akaimirira imalepheranso kuitsitsa akagona, kotero odwala ambiri a vutoli amakhala ndi BP yokwera, 140/90 kapena kuposerapo, akagona chagada. Usiku wonse impso zimaona mphamvu yochulukayi ndipo zimayankha potaya madzi ndi mchere, wodwala amadzuka kukakodza katatu kapena kanayi, ndipo pofika m'bandakucha madzi m'mitsempha achepa. Ndiye chifukwa chake kugwa kwambiri kumachitika m'mawa, pakati pa bedi ndi chitseko.

Njira yothandiza ndi kukweza bedi kumutu ndi masentimita 15 mpaka 20, poika njerwa zolimba pansi pa miyendo yake iwiri ya kumutu, kuti thupi lonse lipendekeke. Kuunjika mapilo sikulowa m'malo mwa njerwa, chifukwa kumangopinda khosi pamene impso zili pomwe zinali. Kwa amene amagona pa mphasa, matabwa otsamiritsidwa pa njerwa n'kuyalapo matiresi amagwira ntchito yomweyi. Masana apewe kugona chagada nthawi yaitali. Madzi ambiri amwedwe kuyambira m'mawa mpaka chakumadzulo, ndipo ola limodzi kapena awiri asanagone achepetse.

Podzuka, wodwala ayambe wapinda ndi kutambasula mapazi kangapo ali chigonere, akhale m'mphepete mwa bedi kwa mphindi ziwiri, amwe theka la lita la madzi mofulumira, kenaka aimirire atagwira chinthu cholimba. Kumwa madzi kotereku kumakweza BP pakatha mphindi 5 mpaka 10 ndipo mphamvu yake imakhala pafupifupi ola limodzi. Botolo la madzi ligone pafupi ndi bedi. Kapu ya tiyi ya m'mawa ingathandizeko pang'ono, koma isalowe m'malo mwa madziwo.

Ngozi ina ili m'buku la kuchipatala. Wodwala akayezedwa atagona kapena atakhala n'kupezeka ndi BP yokwera, n'kosavuta kuti awonjezeredwe mankhwala otsitsa BP, ndipo akabwerera kumudzi kugwa kumachuluka. Zimenezi zinawachitikira malume, ndipo sindiimba mlandu amene anawalembera, popeza ifenso sitinanene kuti amagwa akaimirira, tinangoti akudwala BP. Pitani ndi mankhwala onse m'jumbo, ngakhale ogula pagolosale ndi azitsamba, kuti aonedwe pamodzi. Amene amatsitsa BP poimirira kawirikawiri ndi okodzetsa monga hydrochlorothiazide ndi furosemide, methyldopa, nifedipine, atenolol, amitriptyline, mankhwala a abambo ovutika kukodza monga tamsulosin ndi doxazosin, komanso sildenafil, mankhwala owonjezera mphamvu kuchipinda, amene abambo ena amagula mwachinsinsi ndipo satchula pokhapokha atafunsidwa paokha mwaulemu. Musachotse nokha ngakhale amodzi mwa amenewa. Ndipo wodwala akachita nseru, kumbutsani a chipatala kuti ali ndi Parkinson, chifukwa metoclopramide, prochlorperazine, chlorpromazine ndi haloperidol amatchinga dopamine ndi kukulitsa matendawa.

Kutentha, kubafa ndi kuchimbudzi

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala thukuta limatha madzi ndipo kutentha kumamasula mitsempha ya pakhungu, kotero munthu amene amayenda bwino nthawi ya chiperoni amayamba kugwa. Amwe malita 2 mpaka 2 ndi theka pa tsiku, pokhapokha ngati ali ndi matenda a mtima kapena a impso amene dokotala anamuikira malire. Kuwonjezera mchere m'ndiwo kumathandiza ena, koma ndi nkhani yoyamba yafunsidwa kuchipatala chifukwa cha BP ya usiku ija. Akatsegula m'mimba kapena kusanza, yambani Thanzi ORS msanga ndipo musachedwe kupita naye kuchipatala. Amene akumwa benzhexol, mankhwala ena a manjenje amene ambiri amawadziwa kuti Artane, asamale mwapadera ndi dzuwa, chifukwa mankhwalawa amachepetsa thukuta, amaumitsa m'kamwa, amadzimbitsa ndipo amafulumizitsa mtima.

Kubafa madzi akhale ofunda chabe, wodwala asambe atakhala pa kampando, ndipo chitseko chisakhomedwe m'kati. Kuchimbudzi ndiko koopsa kwenikweni. Kunyonyomala kumakankhira magazi kumtima ndipo pa nthawiyo munthu amamva bwino, koma akangoweramuka magazi amatsika nthawi imodzi, ndipo ngati anali kudzikanganiza chifukwa cha kudzimbidwa kutsikako kumakula. Mpando wathabwa wobooledwa pakati, mtengo wolimba wokumbiridwa pambali kuti azigwira podzuka, ndi kuthana ndi kudzimbidwa pomwa madzi ndi kudya mapapaya ndi masamba, zimachotsa mbali yaikulu ya ngoziyi. Usiku pakhale ndowa m'chipinda, ndipo abambo akodze atakhala pansi, ngakhale kuti ambiri amayamba akana.

Kuima nthawi yaitali malo amodzi, pamaliro, kutchalitchi poimba nyimbo kapena pamzere kuchigayo, n'koipa kuposa kuyenda, popeza minofu ya m'miyendo ikamagwira ntchito imapopa magazi kubwerera kumtima. Palibe chamanyazi kuti wachikulire akhale pansi pamene ena aimirira. Akamva kuti mdima ukubwera ndipo palibe pokhala, apingase miyendo n'kuifinya mwamphamvu, alimbitse minofu ya m'matako ndi ya pamimba, kapena angonyonyomala pomwepo. Lamba wotambalala wa lasitiki womanga pamimba amathandiza kuposa masokosi othina, chifukwa magazi ambiri amadikha m'mimba, koma azimuvula pogona.

Zochita akagwa, ndiponso nthawi yothamangira kuchipatala

Mwambo wathu ndi wakuti wamkulu akagwa timathamangira kumudzutsa ndi kumukhazika pa mpando, koma pa vutoli kutero ndiko kumatalikitsa kukomoka. Msiyeni agone, kwezani miyendo yake pa mpando kapena pa thumba la chimanga, masulani zothina pakhosi, ndipo musamuthire madzi kapena chakudya m'kamwa asanatsitsimuke bwinobwino. Ngati chinali chizungulire cha kuimirira, amabwerera m'mphindi imodzi kapena ziwiri ndipo amazindikira anthu. Kugwedezeka pang'ono kwa manja ndi miyendo kwa masekondi ochepa kumachitika pokomoka ndipo pakokha si umboni wa khunyu.

Musadikire kuti kuche ngati sakutsitsimuka, ngati wamenyetsa mutu, ngati akumva ululu pachifuwa kapena akubanika, ngati pakamwa papotoka kapena mbali imodzi ya thupi yafooka, ngati chimbudzi chake n'chakuda bii kapena cha magazi, ngati watentha thupi, kapena ngati wakomoka ali chikhalire kapena chigonere, chifukwa kumeneko kumaloza kumtima weniweniwo ndipo kumafuna kuyezedwa ndi makina a ECG. Wodwala shuga ayezedwe shuga nthawi yomweyo.

Ngati mwachita zonsezi kwa masabata angapo ndipo nambala za m'kope sizikusintha, pemphani ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo, kapena ku zipatala za mishoni monga Mulanje Mission ndi Malamulo, kuti aonenso mankhwala onse, ndipo pakafunika akutumizeni ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Alipo mankhwala okweza BP poimirira. Fludrocortisone amasunga mchere ndi madzi m'thupi, koma angatupitse miyendo ndi kutsitsa potaziyamu, choncho amafuna kuyezetsa magazi nthawi ndi nthawi ndipo sayenera munthu wa mtima wofooka. Midodrine amafinya mitsempha ya magazi kwa maola ochepa, ndipo piritsi lomaliza limamwedwa kutatsala maola osachepera 4 kuti munthu agone. Onse awiri amakweza BP ya usiku, kotero wodwala akayamba kumwa, wonjezerani m'kope muyezo wina wa madzulo, atagona pabedi lake lomwe lija la njerwa, ndipo mukauonetse pa ulendo wotsatira.